Kanyamula Pakati pa Thabwa

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ndi dzina, mphamvu ndinalibe. Nditamaliza sukulu ndinakhala ku Shimabala kwa amayi, kuthirira repu ndi tomato, kudikira mwayi umene njira ya kwathu sunkaidziwa. Atate anamwalira ndili wamng'ono. Dzuwa la Okutobala litayamba kuwotcha, amayi ananditumiza ku Kafue kwa atate aakulu, mkulu wawo wa malemu atate, amene ankanyamula matumba a feteleza pa shedi ya wamalonda wina kumbali ya mafakitale. Nyengo imeneyo alimi amakhala akuthamangira feteleza mvula isanagwe, ndipo shedi iliyonse imafuna misana yowonjezera.

Pageti ndinapeza amuna ambiri akudikira, ena atavula kale malaya kuti minofu iwalankhulire. Kapitawo anali a Mweemba, munthu wamtali amene kuseka ankakusiya kunyumba. Mayeso awo anali amodzi: thumba la makilo makumi asanu lili pansi, ulikweze wekha mpaka pamutu, upite nalo pa mtengo wa magetsi ndi kubwerera. Ndinaona zimphona zikugwada nalo. Ine ndinali woonda ngati bango, ndipo ndinali nditayamba kale kukonza zimene ndikawauze amayi madzulo.

Nthawi yanga itakwana, a Mweemba anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Zina?"

"Lameki Kanyamula."

"Kanyamula uti? Wa bamudala aba bali mukati?"

"Ni batate bakulu."

"Ngena. Uyu kulibe vomuyesa, ni magazi."

Ndinalowa ndikumwetulira, maso a otsala panja akundibaya kumsana. Amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma tsiku limenelo ndinalibe makutu.

Dzina lathuli si la mtundu. Ife ndife a Phiri, ochokera kummawa. Pa nkhondo yoyamba ya azungu, agogo awo a atate anagwidwa kukhala mtengatenga, mmodzi wa anthu amene ankasenza mabokosi a asilikali wapansi kupita kumpoto. Wotopa n'kutula katundu panjira ankasiyidwa pomwepo, ndipo ambiri kwawo sanakuonenso. Agogowo anafikitsa bokosi lawo n'kubwerera amoyo. Anzawo anawatcha Kanyamula, kalaliki wa msonkho analemba lomwelo, ndipo Phiri anathera pamenepo. Mayina otere alipo ndithu. Ndakumanapo ndi a Katundu ndi a Mtolo, ena aphunzitsi, ena oyendetsa minibasi, ndipo dzina siliwasowetsa tulo. Kwathu kokha ndi kumene dzina linasanduka lamulo.

Atate aakulu anandiuza lamulolo tsiku loyamba lomwelo, tili kuseri kwa shedi. "Apa pali malamulo ya Mweemba, umvele. Koma yathu ni imozi chabe. Kanyamula satula pa njila. Osanichitisa nsoni."

Iwo ndiwo anandikonzera zida. Anatenga saka lopanda kanthu, analing'amba mbali imodzi, n'kundiveka ngodya yake kumutu kuti lotsalalo ligwere pamapewa ndi kumsana. Chimenecho tinkachitcha chisoti. Pansi pa chisoti pamakhala nkhata, chitenje chakale chopotedwa n'kuzungulizidwa, ndipo nkhata ya mnzako subwereka chifukwa mutu uliwonse umaumba yakeyake. Chitenje china umamanga m'chiuno zolimba kuti msana usamasuke. M'khosi umadzola mafuta ambiri, pakuti feteleza akasakanikirana ndi thukuta amadya khungu. Ine sabata yoyamba ndinanyozera, khosi n'kusupuka moti kolala ya malaya inkandiliza. Nsapato umavula, chifukwa phazi lopanda kanthu ndi limene limamva thabwa. Ngowe imene onyamula chimanga amakokera matumba pa feteleza ndi yoletsedwa, poti ikaboola pulasitiki ya mkati chinyezi chimalowa.

Lole inkaima pakhomo pa shedi. Pamwamba pake pamakhala osenzetsa awiri, ndipo athu anali Chanda ndi Bonifasi, anyamata a manja ofulumira, a mpingo umodzi wa pentekosite, amene ankaimba makolasi tsiku lonse kaya tikufuna kaya sitikufuna. Aliyense amagwira makutu awiri a thumba, ndiko kuti ngodya zake, mmodzi n'kunena kuti "Tiye nayo," kenako amaligwedeza kamodzi ndi kuligoneka pamutu pako. Iwe umachirikiza ndi manja onse awiri n'kuyenda mothamanga pang'ono, mawondo ofewa. Mkati mwa shedi umakwera thabwa lalitali lokhuthala, limene tinkaliti pulanga, lotsamira pa mulu wa matumba. Pamwamba otula awiri amalandira thumba ndi kuliluka ndi anzake monga amamangira njerwa, kuti mulu usagumuke. Mulu ukamakula thabwa limanka liimirira, moti pofika masana umakwera ngati ukupita padenga.

Malamulo a a Mweemba sanalembedwe paliponse, umawaphunzira potukwanidwa. Munthu amene wasenza sumuitana uli kumbuyo kwake, chifukwa akatembenuza khosi thumba lili pamutu nkhani yatha. Katundu wa mnzako sumugwira mwiniwake asananene kuti "Nitule." Kutero ndi kumunyoza pagulu, ndipo ndinaonapo amuna akuluakulu akutulutsana magazi chifukwa cha zimenezo. Pathabwa suima. Ndipo thumba likapendekeka sulimbana nalo: umalikankhira kumbuyo ndi manja, iwe n'kuponda kutsogolo, ligwe. Kumeneko timati kutaya. Thumba likaphulika a Mweemba ankalalata mpaka mitsempha kuoneka pamphumi, koma akatha ankati, "Saka tingasoke, khosi sitingasoke. Sesani." Aliyense pa shedi ija anali atatayapo, kupatula atate aakulu.

Anali munthu wamfupi, khosi lotakata mofanana ndi mutu. Pa liwombo panalibe tsitsi, panali chikopa cholimba ngati chidendene. Zaka zawo zinali zitadutsa makumi asanu, koma pamzere ankatsogola ndi iwo. Kumsika ndi kusiteshoni ukangotchula a Kanyamula, anthu ankamalizira okha kuti "baja bamene sibataya." Ena ankalumbira kuti paunyamata ankasenza awiri nthawi imodzi. Ndinkawanyadira kwambiri, ndipo ndinkawaopa.

Tsiku lina thumba linandipendekera ndili pathabwa. Manja anafuna kutaya, koma ndinakumbukira amene anali kutsogolo kwanga, ndipo ndinalimbana nalo mpaka pamwamba. Khosi linauma sabata yathunthu, kuyang'ana kumbali ndinkatembenuka thupi lonse. A Mweemba ananditcha chitsiru. Koma madzulo ake, tikudya nshima, atate aakulu anachotsa mutu wa nsomba m'mbale mwawo n'kuika m'mbale mwanga. Ndinaudya ndi mtima wodzaza, ndipo ululu wa khosi ndinauyesa mendulo.

Amati chakudza sichiimba ng'oma. Ichi chinaimba, ndipo tonse m'nyumba tinaimva. Ndinkagona kwawo kukomboni, choncho ndinkaona zimene a ku shedi sankaona. M'mawa mabatani a malaya ankawamangira ndi akazi awo, amayi aakulu, akunamizira kuwakonza kolala. Kapu ya tiyi inkawapulumuka m'dzanja lamanzere, iwo n'kumatukwana kapuyo. Tsiku lina akucheza anatsamira mbaula yamoto ndi dzanja lomwelo, ndipo fungo la khungu ndinalimva ine iwo asanamve kanthu.

Amayi aakulu anandipeza pampopi ndikutsuka chisoti. Anayang'ana kunyumba kaye, kenako analankhula motsitsa mawu.

"Lameki, uzibayang'ana batate bako ku nchito. Ku kiliniki banabauza kuti mafupa ya mu khosi yapanikiza mitsempha. Ati bakapitiliza kunyamula, siku imozi bazagona osaukanso. Ine banilesa kukamba."

Mawa lake tikuyenda m'mbali mwa njanji kupita ku shedi ndinalimba mtima. Otula a pamwamba nthawi zambiri amakhala achikulire, chifukwa iwo salemedwa pamutu.

"Batate, nanga mukapempha ba Mweemba bakuikeni pamwamba, muzilandila chabe?"

Anayenda ndithu, miyala ya njanji ikulira pansi pa mapazi.

"Bamayi bako bali na kamwa. Pamwamba ni pa nkhalamba. Ukakamba vilivonse kuli Mweemba, utenge chola chako ubwelele ku Shimabala, na zina usiye pano."

Ndinatseka pakamwa. A Mweemba anali ndi diso lakuthwa, munthu akangoyamba kutsimphina ankamuchotsa pamzere tsiku lomwelo. Koma atate aakulu sankawayang'ana n'komwe. Dzina limene linandilowetsa ine popanda mayeso ndi lomwe linkawaphimba iwo. Chimene ndinatha kuchita ndi chimodzi: ndinasinthana malo ndi mnzanga kuti pamzere ndizikhala kumbuyo kwawo. Kuyambira pamenepo ntchito yanga inali kusenza thumba ndi kuyang'ana zidendene zawo, ndipo m'mawa uliwonse ndinkadzuka ndi mantha.

Tsikulo linafika mu Novembala. Kunacha kotentha mopanda mphepo, ntchentche zikumata pankhope, ndipo chakumasana mitambo yakuda inayamba kuunjikana kumadambo a mtsinje. Lole inabwera ndi feteleza woyera uja wobereketsa, yureya, tenti yake yophimba katundu itang'ambika pakati. Chanda atagwira thumba loyamba anasiya kuimba.

"Ba kapitawo, iyi ni myala."

Thumba labwino limagona pamutu n'kuumbika, kulemera kwake n'kugawikana. Koma lokhalitsa m'nkhokwe limauma kukhala chibuma chimodzi, ndipo limakhala pamalo amodzi, pa liwombo penipeni, likugwedera uku ndi uku. Limenelo tinkaliti mwala. Mwala umaugwetsa pansi kaye, kuupondaponda mpaka ufewe, kenako n'kusenza. Lole yonseyo inali miyala.

Mwini katundu ankazungulira pabwalo foni ili kukhutu, maso kumwamba. Yureya ikanyowa imasungunuka ngati mchere. A Mweemba anayang'ana mitambo, anayang'ana tenti, kenako anayang'ana ife.

"Lelo kulibe vopondaponda. Mvula ikagwila iyi yureya, tonse nchito yasila. Tiyeni."

Sindiwaimba mlandu, mitamboyo tonse tinkaiona. Tinayamba kuthamanga. Mwala woyamba utatera pamutu panga ndinamva mano akugundana. Mulu wa mkati unali wautali kale, thabwa litaimirira, ndipo fumbi la yureya limakoka chinyezi, moti thabwalo linayamba kutuluka thukuta mvula isanadonthe. Zinkamveka ndi mapazi, kupuma kwa anthu, "Tiye nayo" wa pa lole, ndi mabingu amene ankayandikira.

Titatsitsa theka la katundu wa pa lole ndinaona phazi lawo lamanzere likukwakwa pansi, likusiya mzere pafumbi loyera. Ulendo wotsatira dzanja lamanzere silinakwere kukagwira khutu la thumba. Linkangolendewera m'mbali, thumba akuligwira ndi lamanja lokha. Titabwerera pa lole ndinawazungulira n'kuima kutsogolo kwawo.

"Batate, pumulankoni pang'ono. Nizanyamula yanu."

"Choka pa njila. Senza."

Chanda ndi Bonifasi anawagoneka mwala pamutu. Ndinalandira wanga n'kuwatsata. Mphepo yozizira inalowa m'shedi, malata a padenga n'kuyamba kulira.

Pakati penipeni pa thabwa anaima. Ine ndinali ndisanaponde, ndili pansi. Poyamba ndinadzinamiza kuti akupuma. Kenako ndinaona thumba likutsetserekera kumanzere kumene kunalibe dzanja loligwira, mutu wawo ukulitsatira. Khosi lija limene ndinkaliyesa chitsa linapindika. Miyendo inkanjenjemera, ndipo mkodzo unatsika m'mwendo n'kuyenderera pathabwa kubwera kumene ndinali.

Otula a pamwamba anali kutsogolo kwawo, choncho iwo akanatha kuitana. "Tayani, mudala! Tayani!" A Mweemba nawo anathamangira kumbali akukuwa zomwezo. Atate aakulu sanataye. Anayesa kukweza phazi kuti aponde kutsogolo, phazi linakana. Anayesanso.

Kuti ndiwafike ndinayenera kutaya langa. Ndinalikankhira kumbuyo, ndinalimva likuphulika pa simenti, ndipo ndinakwera. Anamva mapazi anga pathabwa.

"Osagwila," anatero, mawu akutulukira m'mano. "Lameki, osagwila katundu wanga."

Ndinagwira makutu awiri a kumbuyo n'kukokera kunja ndi mphamvu zanga zonse. Mwala unagwa, zibuma zoyera n'kumwazika pansi. Iwo anagwada. Ndinawagwira chitenje cha m'chiuno kuti asagubuduke, n'kuwagoneka pang'onopang'ono chafufumimba m'litali mwa thabwa, tsaya lili pa mtengo. Ankapuma mofulumira, maso ali otsegula.

"Miyendo ili na nyelele," anatero.

Ine ndinali kumapazi kwawo, ndipo chimene ndinaona ndichinena mpaka kufa kwanga: zala zakumapazi zinkapinda ndi kutambasuka, za mapazi onse awiri, lamanzere lomwe. Mtima unakhala pansi. Ndinati tawapulumutsa.

Pamenepo mvula inagwa padenga mwaukali moti tinasiya kumvana. A Mweemba ankaloza kagalimoto ka mwini katundu akukuwa za chipatala. Chanda ndi Bonifasi analumpha pa lole n'kukwera thabwa. Anyamata amenewo ankawakonda atate aakulu ngati bambo awo, Bonifasi misozi inali kale m'maso. Mmodzi anagwira mikono, wina akakolo. Ndinamva Chanda akuti "Tiye nayo," osadziwa n'komwe kuti wanena. Anawagwedeza kamodzi, anawatembenuza chagada ali m'mwamba, n'kutsika nawo thabwa akuthamanga, kudutsa m'shedi, kudutsa pabwalo pamvula. Mutu unagwera kumbuyo pakati pa mikono, ukulendewera ndi kudumpha phazi lililonse limene ankaponda. Palibe amene anaugwira. Thumba lilibe mutu, ndipo manja athu anali asanaphunzire kuusamala. Ine ndinathamanga pambuyo nditatola chisoti ndi nkhata yawo, ndikuyamikira mumtima kuti anthu athu ndi achangu.

M'galimoto mapazi awo anali pamiyendo panga. Ndinawauza kuti agwedeze zala. Anati akugwedeza. Ndinayang'ana, zala zili chete. Ndinatsina chala chachikulu mpaka chikhadabo changa kulowa, iwo akuyang'ana denga la galimoto, akufunsa ngati tenti yakokedwa pa lole.

Kuchipatala anabwera ndi bedi lamatayala, koma namwino wachikulire anatiletsa kuwakhudza. Anawamanga chinthu cholimba m'khosi ali m'galimoto momwemo, analowetsa thabwa lawo la chipatala pansi pa msana, anthu angapo n'kukweza pamodzi, iye atagwira mutu ndi manja awiri. Atawalowetsa anabwerera kwa ife pakhonde.

"Munabanyamula bwanji kuchoka pamene banagwela?"

Chanda ndi Bonifasi anamuonetsa ndi manja, mofunitsitsa, wina mikono wina akakolo. Namwinoyo anatseka maso kanthawi.

"Kunalibe pulanga pafupi, olo chitseko?"

Munthuyo tinamuchotsa pa thabwa lolimba kuposa onse m'Kafue, atagona kale bwinobwino m'litali mwake. Tinali amuna okwanira kulitsitsa ndi kulinyamula iye ali pomwepo. Chanda anakhala pansi pakhonde paja, manja ali pamutu, ndipo ku shedi sanabwererenso.

Atate aakulu anawatumiza ku Lusaka, kumene anakhala nthawi yaitali. Madokotala anati khosi linali litawonongeka kale ndi zaka za katundu, ndipo palibe anganene motsimikiza ngati unawamaliza ndi mwala uja kapena kathamangidwe kathu. Mwina ankatitonthoza, mwina ndi zoona. Ine zala zija ndinaziona. Atabwerera kunyumba, mutu unali bwinobwino, mawu ali omwe aja, koma manja ndi miyendo sizinabwerere.

Kundithamangitsa sanandithamangitse, poti amayi aakulu okha sakanatha kuwatembenuza. Koma anasiya kundilankhula. Ndinkawasambitsa, kuwatembenuza kuti asachite zilonda, kuwatulutsa padzuwa ndisanapite ku ntchito, ndipo akafuna kanthu ankauza amayi aakulu ine ndili pomwepo: "Muuze uyu anikweze pilo." Nkhani inali itamveka kale kumsika kuti a Kanyamula anatulidwa ndi mwana wa mng'ono wawo pamaso pa gulu. Zinkandiwawa kwambiri, koma ndinkakweza piloyo.

Pa shedi ndinakhala nyengo zingapo, ndipo lero ndimayang'anira gulu langa la onyamula pamalo ena. Zimene ndinatenga pa tsiku lija ndi zochepa, koma sindinyengerera nazo munthu. Watsopano ndimamuphunzitsa kutaya asanaphunzire kukwera, ndipo amataya pamaso pa anzake mpaka manyazi atamuthera. Mwala susenzedwa usanapondedwe, mvula igwe kaya isagwe. Munthu akagwa n'kudandaula khosi kapena msana, palibe womukoka: mmodzi amagwada n'kugwira mutu ndi manja awiri, enafe timabweretsa thabwa. Ndipo amene amatamidwa kuti sanatayepo ndi amene ndimamuyang'anitsitsa kuposa onse.

Mvula ya chaka cha ngozi ija itatha, Lamlungu lina ndinawagoneka atate aakulu pamphasa kuseri kwa nyumba kuti awothere dzuwa. Amayi aakulu anali kutchalitchi. Ndikukonza bulangete kumapazi ndinamva dzina langa, koyamba chichokereni pathabwa paja.

"Lameki."

"Batate."

Ndinagwada pafupi. Ndinkayembekezera kuti afunsa mmene tinawanyamulira, chifukwa nkhaniyo palibe anali atawauza, kapena anditukwana kuti zithe.

"Ija saka. Pambuyo, inafika pamwamba?"

Ndikanatha kunama kuti tinaisoka n'kuikweza. Sindinathe.

"Siinafike. Inang'ambika, tinasesa."

"Na yako?"

"Na yanga."

Chifuwa chawo chinayamba kugwedezeka. Miyezi yonseyo, ku Lusaka ndi kunyumba, sindinawaonepo akulirira miyendo yawo. Analirira thumba. Ndinakwiyira iwo, ndinakwiyira agogo amene sindinawaone ndi bokosi lawo la asilikali, ndipo ndinafuna kuwakalipira kuti feteleza ameneyo alimi anathira kale, chimanga chacha, palibe akumukumbukira. Koma anali chagada, misozi ikutsikira m'makutu, ndipo manja awo sakanatha kufika kumaso. Ndinatenga kansalu n'kuwapukuta.